A Yawala ndi Kagudumu

Dzina lenileni la alamu anga ndinalimva komaliza m'tchalitchi, tsiku limene ankakwatira mlongo wanga. Kunja kuno aliyense amawatchula kuti a Yawala, ngakhale ana amene sanaonepo eriyo chibadwire.

Dzinali linachokera ku ntchito yawo. Kale munthu akagula TV ankaimika chitsulo chachitali padenga, pamwamba pake n'kumangapo eriyo yooneka ngati minga ya nsomba. Okwera padengapo anali alamu. Akafika pamwamba ankapotoza chitsulocho pang'onopang'ono uku akufuula kuti, "Yawala?" Pansi, pazenera la mwini nyumba, pankaima mlongo wanga, maso ali pa TV, khutu lili kudenga.

"Ayi, mchenga wokhawokha!"

"Nanga pano?"

"Munthu waoneka, koma ali ndi mitu iwiri!"

"Nanga pano?"

"Bwererani pang'ono. Basi, yawala! Musakhudzenso!"

Msewu wonse unkamva. Ife kwathu tinaphunzira kumishoni, kumene anatiuza kuti mkazi wolongosoka safuula pazenera la eni, ndipo bambo athu anamwalira asanazizolowere zimenezi. Koma awiriwo analera ana awo ndi kufuula komweko, ndipo sindinamvepo mmodzi wa iwo akudandaula.

Sindinena kuti alamu anali mmisiri woposa onse, chifukwa enawo sindinawaone. Chimene ndikudziwa n'chakuti anali ndi malamulo awiri ndipo sankawaphwanya. Loyamba linali lakuti wailesi kapena TV akaikonza sankaipereka tsiku lomwelo. Ankaisiya pabenchi ili yoyatsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mawu atatsitsa. Ukalowa m'kashopu kawo unkapeza ma TV atandandalika, onse akuonetsa nkhope imodzi ikutafuna mawu osamveka. Mwini wake akachita changu ankamuuza kuti, "Chitsulo chozizira chimanama, bwana. Chikatentha m'pamene chimaulula."

Lachiwiri linali lakuti za mumlengalenga sizitha. Anthu ankabwera kudzadandaula kuti mnzawo woyandikana naye waimika eriyo yaitali ndipo ikuwabera chithunzi. Alamu ankaseka mpaka kutsokomola. "Kodi mnzako akamaothera dzuwa, lako limachepa? Mzinda wonse ungatsegule ma TV nthawi imodzi, kumwambaku sikuphwa."

Kenaka kunabwera madishi, pambuyo pake ma TV opyapyala amene akafa munthu amangotaya. Kashopu kaja kanatsekedwa. Benchi ndi zitsulo anazisamutsira m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo, kogundana ndi khitchini, kiyi wake n'kumamumangirira palamba. Palibe ankalowamo kupatula iwo, ndi ine akandiitana. Mumsewu anthu ankawapatsabe moni ndi dzina lija, koma wowaitana kuti akwere padenga panalibenso.

Chaka chatha mlongo wanga anadwala sitiroko. Mbali yakumanja inafooka ndipo pakamwa panapotoka pang'ono. Nzeru zinali zonse, koma mawu ankatuluka limodzilimodzi, ngati akuchita kuwakoka m'chitsime. Chodabwitsa, kuimba kunkamutulukira bwino kuposa kulankhula. Kwa zaka zambiri iye ndi amene ankagwira mawu achiwiri m'kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu. Tsopano kutchalitchiko sakanatha kupita, chifukwa kukhala pabenchi yolimba, ngakhale kwa kanthawi, kunkamupweteka msana mpaka kulira.

Mwana wawo wotsiriza, amene tonse timangomutchula kuti Mzime, amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ndipo amakhala ndi makolo akewo. Iye ndi amene anabweretsa rauta, kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri kamene kamakoka intaneti kuchokera kunsanja ya mafoni n'kumaigawa m'nyumba. Anagulanso TV yotha kulumikizana nako, n'kuipachika moyang'anizana ndi bedi la mayi ake. Tchalitchi chathu chimaonetsa mapemphero pa intaneti pamene akuchitika, choncho Lamulungu lililonse mlongo wanga ankatsamira mapilo n'kumaimba limodzi ndi anzake. Ine ndinkapemphera mapemphero oyambirira, n'kupita kukakhala naye pa achiwiri.

Koma panali mlendo wosaitanidwa. Nyimbo ili pakati, chithunzi chinkaima, amayi a kwaya pakamwa pali yasa, ndipo pakati pa TV pankabwera kamkombero kozungulira. Kankazungulira, kuzungulira, kenaka nyimbo n'kupitirira, posakhalitsa n'kuimanso. Mlongo wanga anakatcha kagudumu. Kakabwera ankatseka pakamwa n'kuyang'ana kudenga, ngati munthu amene wina wamudula mawu pagulu.

Tsiku lina Mzime anati aimbira foni akampani kuti atumize munthu. Tinali patebulo tikumwa tiyi. Alamu anaika kapu pansi mosagunda.

"Atumize munthu?"

"Ee, bambo, woti adzaone."

"Ndiye kuti m'nyumba muno mulibe munthu."

"Sindinatero, bambo. Kungoti izi ndi zina, si za eriyo."

"Chithunzi ndi chithunzi, mwanawe. Ndinayamba kuthamangitsa zithunzi iwe usanalotedwe n'komwe."

Mzime anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana m'kapu.

Sabata yomweyo kunabwera mayi telala wa kuseri kwa mpanda, amene tsopano ndiye amatsogolera kwaya. Ndi mayi wa pakamwa posapuma, koma wa mtima wabwino. Anati amayi agwirizana kuti Lamulungu lomaliza la mwezi adzaimba nyimbo ija mlongo wanga anawaphunzitsa kale, imene mawu achiwiri amayamba okha enawo n'kutsatira, ndipo adzatchula kuti akuimbira iye. Atatuluka, mlongo wanga anakodola mwamuna wake ndi dzanja lamanzere.

"Ndidzaiona... yonse?"

"Yonse, mayi."

"Popanda... kagudumu?"

"Kagudumu ndi ine tionana. Ndakulonjezani."

Mzime anati, "Ngakhale itaduka, amayi, amaisunga. Mukhoza kudzaionera madzulo."

Mlongo wanga anapukusa mutu. Anatenga nthawi kuti asonkhanitse mawu. "Ndikufuna... ndizipuma... pamene iwo akupuma."

Alamu anadzuka n'kupita kukatenga sikuludiraiva, ngakhale panalibe chomasula.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa anthu akamaseka nkhaniyi amaiwala poyambira pake. Chinthu choyamba chimene alamu anachita chinali cholondola. Rauta ija Mzime anaiika pansi m'chipinda chake, kuseri kwa sutikesi, poti m'pamene panali soketi yopanda ntchito. Alamu ataiona anapukusa mutu. "Chinthu cha tinyanga mwachibisa ngati nkhuku yofungatira?" Anaichotsa, n'kuikweza pamwamba pa kabati ya m'khonde lamkati, pafupi ndi zenera, malo oonekera kuchipinda cha mkazi wawo. Anaizimitsa, n'kudikira pang'ono, n'kuiyatsanso. Madzulo amenewo anaonera kanema wautali, kagudumu osaoneka ngakhale kamodzi.

Mzime anawomba m'manja. "Mwakonza, bambo! Ndapepesa."

Alamu nkhope inawala, koma anaibweza msanga. "Sindinapereke. Chitsulo chozizira chimanama. Chiyambe chakhala pabenchi."

Rauta sakanaiika pabenchi, poti inali itapeza malo ake. Ndiye anaganiza zoika pabenchipo zinthu zoiyesera. Anapempha Mzime foni yake yakale yosweka galasi, iye n'kuwalumikizira, n'kuwaonetsa potsegulira makanema, akuganiza kuti n'zotayitsa nthawi za munthu wokalamba. Alamu anaonetsetsa mmene zala zake zinkayendera, ndipo anaona kuti pasiwedi yalembedwa kunsi kwa rauta. Mawa lake anafukula m'madirowa tabuleti imene adzukulu anaisiya, ndi foni ya mkazi wawo imene sankaigwiritsanso ntchito chidwalire. Zonse anaziimika pabenchi m'kachipinda kaja, chilichonse ndi chaja yake, chilichonse chikuonetsa kanema, mawu atatsitsa. Ankaziyatsa m'mawa Mzime akangotuluka, n'kuzizimitsa madzulo, monga mwa lamulo lawo.

Masana a tsiku lomwelo kagudumu kanabwerera pa TV ya mlongo wanga.

"Mwaona, alamu?" anandiuza nditapita kukawaona. Ankaoneka ngati msodzi amene chingwe chake chagwedezeka. "Chaulula. Ndikanamvera mwana uja bwenzi titapereka chinthu chodwala."

Ananditengera m'kachipindamo n'kundionetsa benchi. Ndinaona kuti mapewa awo awongoka. Kachipindako kanali kakununkhanso fungo la kashopu kaja, fungo la mawaya ofunda.

"Zikuchepa zoyesera," iwo anatero. "Kodi inu mulibe ina yogona m'dirowa?"

Ndinali nayo. Ndinawapatsa, ndipo ndinakawabwerekeranso ina kwa mnzanga amene tinapuma naye ntchito limodzi. Ndinafunsa kamodzi kokha ngati mafoni ochuluka chotero sangalemetse kabokosi kaja. Alamu anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Alamu, sukulu yonse ija? Mnzako akamaothera dzuwa..."

"Lako silichepa," ndinamaliza ine. Zinandimvekera zanzeru, monga zinkamvekera kale.

Benchi itadzaza, kagudumu kananenepa. Masana mlongo wanga sankathanso kuonera chilichonse chopitirira. Koma m'mamawa ndi madzulo, Mzime ali pakhomo, chithunzi chinkayenda bwinobwino, moti iye ankaganiza kuti zinthu zili bwino ndithu. Malamulungu ambiri amakhala ali kuntchito, ndipo mayi ake sankafuna kuneneza bambo ake. Alamu anaona kusiyana kwa nthawiko n'kupeza yankho la ntchito yawo.

"Ndi kutentha. Dzuwa likakwera kabokosika kamatopa. Likalowa kamatsitsimuka."

Anakaikira fani pambali. Anamangirira waya wa kopa pa tinyanga take. Anadula chitini cha mafuta ophikira, n'kuchipinda, n'kuchiimika kumbuyo kwake kuti chizibweza mphamvu. Zonsezi zitakanika anatulutsa makwerero.

Ndinawaletsa. Munthu wa imvi zake, mawondo olira ngati chitseko, alibe chochita padenga. Koma anali atalumikiza kale zingwe za magetsi zitalizitali, rauta ataimangirira kunsonga ya chitsulo chakale cha eriyo. Anandiimika pazenera la mlongo wanga, malo amene kale anali a mlongo wangayo, ndipo anakwera.

"Yawala?"

Ndinayankha motsitsa kuti ayi.

"Kwezani mawu, alamu, si m'kalasi muno! Yawala?"

"Kakuzungulirabe!"

"Nanga pano?"

"Tsopano yalemba kuti palibe netiweki!"

Malata anali atatchinga zonse. Mayi telala anasiya makina ake n'kudzasuzumira pampanda, tepi yoyezera ili m'khosi.

"A Yawala! Mwaiwala chiyani kumwambako, unyamata?"

"Sokani zanu, mayi."

"Tsikani, bambo inu, tsobola wakale sawawa! Mukagwa ife tiimbe nyimbo ziwiri, ya odwala ndi ya maliro?"

Anthu odutsa anaima. Wina anafuula "Yawala?" mongoseka, wina kutsidya kwa msewu n'kuyankha kuti, "Mchenga wokhawokha!" Ndinayang'ana mlongo wanga. Anali atatembenukira kukhoma. Alamu anatsika pang'onopang'ono, akupapasa ndi phazi popondera paliponse, rauta ataikumbatira pachifuwa. Anaibwezera pakabati. Pa malaya awo panali dzimbiri la malata.

"Musamuuze mwana uja," anatero.

Lamulungu lomaliza la mwezi linafika. Mzime anapempha tchuthi kuntchito. Anawasambitsa mayi ake, n'kuwaveka bulauzi yoyera ya kwaya ndi mpango wake, zimene zinali m'sutikesi chidwalire. Bulauziyo inali itakula. Mlongo wanga anapempha madzi ofunda kuti atsegule kukhosi, ndipo ndinamumva akuyesa mawu ake chapansipansi.

Alamu tsiku limenelo anadzuka m'mamawa kwambiri. Anandinong'oneza pakhonde kuti ayatsa benchi yonse msanga kuti kabokosi kafunde kusanayambe mapemphero, ndipo foni iliyonse aitsegulira tchalitchi chathu. "Ndikhala komweko. Matenda ndiziwaona akubwera, asanafike kwa mayi."

Mapemphero anayamba modukaduka. Abusa ankakweza dzanja n'kukhala choncho ngati chifanizo. Mzime anazimitsa TV n'kuiyatsanso. Anazimitsa waifai pafoni yake, n'kundiuza kuti nanenso nditero. Sizinathandize. Anaima m'khonde akuyang'ana fani, waya wa kopa ndi chitini chija, n'kupuma mozama.

Kenaka amayi a kwaya anaimirira. Mayi telala anatenga maikolofoni. "Nyimbo iyi tikuimbira mnzathu amene ali kunyumba, mayi..." Chithunzi chinaima. Kagudumu kanakhala pamphuno pake penipeni.

Chitabwerera, mawu achiwiri anali atalowa kale. Mlongo wanga anawathamangira, n'kuwapeza, n'kuimba nawo mzere umodzi, mawu ake akumveka bwino kuposa mmene ndinawamvera chaka chonse. Chinaimanso. Iye anapitiriza yekha pang'ono, kenaka mawu ake anazilala m'chipindamo. Chitabwerera anayesanso kulowa, chinaimanso. Kachitatu sanayesenso. Anatseka pakamwa, n'kuyamba kumasula mpango ndi dzanja lake lamoyo.

"Bambo ali kuti?" Mzime anafunsa.

"Kubenchi," ndinatero.

"Benchi yanji, malume?"

Anatuluka mothamanga, ine pambuyo. Chitseko cha kachipinda chinali chotsegula. Alamu anali ataima chogwada, magalasi ali pamphuno, akuyang'ana mzere wa mafoni kuchokera kumapeto a benchi mpaka kumapeto ena. Pa foni iliyonse panali kwaya yathu, timayi ting'onoting'ono ta mabulauzi oyera, gulu lililonse litaima pa liwu lakelake, pakamwa pali potsegula. Pa gulu lililonse pankazungulira kagudumu kakekake.

Mzime anagwira chitseko. Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanapepukirako.

"Bambo, zonsezi zakhala zikuyaka chiyambire liti?"

"Chikonzere. Ndikuyesa. Taona, matendawa ali paliponse, si TV yokha ayi."

"Masana onse?"

"M'mawa mpaka madzulo. Ndi mmene timachitira."

"Bambo," anatero mwanayo, "ili si dzuwa. Ndi mpopi umodzi, wa paipi yaing'ono. Aliyense woonera akutunga pomwepo. Inu mwatchera ndowa zonsezi, ndiye kwa amayi kukufika madontho."

Alamu anavula magalasi. Anayang'ana mafoni, anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ananso mafoni. Ndinaona pankhope pawo mmene nkhaniyo inkalowera: m'mawa, madzulo, fani, denga. Sanatsutse. Mmisiri amadziwa yankho loona akalimva, ngakhale likhale lomupha. Anayamba kuzimitsa mafoni aja imodziimodzi, ndi chala chimodzi, mwaulemu ngati akutseka maso a munthu. Yanga inali pakati.

Atazimitsa yomaliza, mawu a TV anamveka kudzera kukhitchini, oyera, osadukanso. Anali mlembi wa mpingo akulengeza za msonkhano wa Lachitatu.

Palibe anafuula pazenera.

Chakudya cha masana alamu sanabwere kudzadya. Ndinawapeza atakhala pampando wa m'kachipindamo, machaja atawakulunga bwinobwino, iliyonse pambali pa foni yake. Ndinakhala pa bokosi la zitsulo. Sindine munthu wodziwa kutonthoza, ndipo ndinalibe poyambira, poti ndowa ziwiri mwa zija ndinabwera nazo ndine.

"Ndinali nditakonza," iwo anatero potsiriza, akulankhula ndi benchi. "Tsiku loyamba lomwe lija. Ndikanangokhala pansi."

"Simunadziwe, alamu."

"Safunsa anadya phula. Mwana ali m'nyumba momwemo, ine n'kumakwera padenga." Anapukuta magalasi ndi malaya. "Anthu kundiseka, asiyeni aseke. Koma mayi aja anavala bulauzi."

Madzulo Mzime anati awatsegulire mayi ake nyimbo yosungidwa ija. Mlongo wanga anakana. Sanamunene mwamuna wake ngakhale liwu limodzi, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Alamu ankamubweretsera tiyi, kumutembenuza, kumukonzera mapilo, koma maso awo ankakhala pa mapilowo.

Lachinayi masana anabwera kwathu atavala jekete, chipewa chili m'manja. Anandibwezera mafoni awiri aja, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze kutchalitchi, kumene amayi amaphunzira nyimbo. Alamu si munthu wopempha. Moyo wawo wonse anthu ndi amene ankawapempha, iwo ali pamwamba, opemphawo ali pansi.

Tinawapeza amayi atakhala pamabenchi a m'holo. Mayi telala atationa anatsitsa dzanja limene ankaimbitsira.

"Taonani, amayi, kwabwera ainjiniya. Muno mulibe denga lokwera, a Yawala."

Alamu anaima pakhomo. "Ndabwera kudzapempha kuti nyimbo ija muiimbenso Lamulungu."

"Bwanji, sanaimve? Ife tinaimba mpaka mitsempha kutuluka."

Akanatha kunena kuti netiweki inavuta, ndipo palibe akanafunsa zambiri. Koma anafotokoza zonse, kuyambira pa kabati mpaka pa benchi, mwadongosolo, ngati akuuza mwini wailesi chimene chinapsa. Atafika pa mafoni oonetsa kwaya, mayi wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo holo yonse inaphulika.

"Ndiye tinali m'mafoni angati, bambo?"

"Okwanira, mayi."

"Ine ndinkaoneka bwino pa iti?"

"Mwatichulukitsa ngati mikate ija ya m'chipululu, koma odwala n'kugona ndi njala!"

Alamu anaima pomwepo, chipewa akuchizunguliza m'manja, khosi lili lonyowa. Ine ndinkayang'ana ming'alu ya simenti. Anadikira kuti kuseka kutsike.

"Sekani, ndi zoseketsa ndithu," anatero. "Koma mayi akunyumba anamwa madzi ofunda m'mawa umenewo. Anaimba mzere umodzi. Ine ndinawalonjeza yonse."

Mayi telala anayang'ana anzake, n'kukonza mpango wake.

"Tikawauza abusa. Tiimbanso. Koma pali lamulo, a Yawala."

"Nenani."

"Inuyo manja m'thumba. Kuyambira Loweruka."

Loweruka alamu anachotsa fani, waya wa kopa ndi chitini. Rauta anaisiya pakabati pomwe anaiika tsiku loyamba. Anamasula kiyi wa kachipinda palamba n'kumupereka kwa Mzime. Mwanayo anakana kulandira, koma iwo anamuika patebulo n'kuchokapo.

Lamulungu mlongo wanga anavalanso bulauzi ija, ngakhale poyamba anakana. Mzime anasinthana tsiku ndi mnzake wa kuntchito. Mapemphero atayamba tinaona kuti mpando wa alamu uli wopanda munthu. Ndinasuzumira pazenera. Anali atakhala panja, patsinde pa makwerero amene anali atatsamira khoma, msana uli kunyumba, manja atawapanikiza pakati pa mawondo.

"Lowani, alamu."

"Ndili bwino kuno."

Amayi anaimirira. Mayi telala anatchula dzina la mlongo wanga lonse, ndipo linamveka lonse. Mawu achiwiri analowa, iye n'kulowa nawo pamodzi. Sindinena kuti anaimba bwino ngati kale. Mawu ena ankamulemera, ndipo pokwera ankatsalira pang'ono. Koma ankapuma pamene anzake ankapuma, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine maso anga anali pakati pa TV, pamalo a kagudumu, ndipo sikanabwere.

Nyimbo itatha amayi anakhala pansi. Mzime anatsitsa mawu a TV n'kutulukira kukhitchini, akupukuta m'maso ndi mkono. M'chipindamo munatsala ine ndi mlongo wanga, iye akupuma mofulumira, thukuta lili pamphumi.

Kenaka kunja kwa zenera kunamveka mawu, osati ofuula ngati a padenga, koma a munthu wogogoda pakhomo la eni.

"Yawala?"

Mlongo wanga sanayankhe msanga. Anawasiya adikire, ndipo ndikuganiza kuti sikunali kusowa mawu kokha. Kenaka anatembenuzira mutu kuzenera.

"Yawala," anatero. "Musakhudzenso."